Modelo yanga ya plasma ya injini ya ayoni ikupereka 70 eV pa ayoni pomwe NSTAR ili cha m'ma 180: ndikulakwitsa pati?

Mphunzitsi wa fizikisi, Namwera

Moni nonse. Ndikulemba kapulogalamu ka Python kowerengera plasma (gasi wochajidwa) ya m'chipinda cha injini ya ayoni, yokankha chombo cha m'mlengalenga potulutsa maatomu ochajidwa (maayoni), ya mtundu wa mphete za maginito, yoyendera gasi wa xenon. Ndikuyerekeza ndi NSTAR, injini ya masentimita 30 imene inayendetsa zombo za Deep Space 1 kuyambira 1998 ndi Dawn kuyambira 2007. Ikamagwira ntchito pa mphamvu yake yonse ya 2.3 kW, karenti ya maayoni otuluka imakhala 1.76 A, ya m'chipinda pafupifupi 13 A pa volteji ya 24 kapena 25, ndipo gasi amalowa 23.4 sccm (muyezo wa gasi wolowa pa mphindi) m'chipinda ndi 3 sccm kudzera mu kathodi. Tikachulukitsa 13 ndi 24.5 n'kugawa ndi 1.76, timapeza pafupifupi 180 eV (ma electron volt, muyezo wa mphamvu) pa ayoni iliyonse yotuluka.

Modelo yanga ndi ya 0-D, kutanthauza kuti chipinda chonse ndachitenga ngati chili ndi plasma yofanana paliponse. Ndaika kukula kwa chipinda 0.013 m³, bwalo la gridi (chitsulo cha mabowo chotulukira maayoni) 0.064 m², utali wa mphete zonse za maginito pamodzi 1.8 m, mphamvu ya maginito 1000 gauss, maatomu opanda chaji 1 × 10¹⁹ pa kiyubiki mita, kutentha kwa maelekitironi 4 eV, ndi 12.13 eV yochotsera elekitironi pa atomu ya xenon.

Ikundipatsa 70 eV pa ayoni, ndipo girafu yake ndi mzere wogona: kaya ndiike gasi wogwiritsidwa ntchito pa 0.6 kapena 0.95, nambala sikusuntha. Magirafu a injini zenizeni amakhota n'kukwera tikayandikira 0.9. Chachiwiri, ndikamawonjezera mphamvu ya maginito, nambala imangotsikiratsikira osaima, zomwe sizingakhale zoona. Ndithandizeni.

Che Idrissa, Mpondasi

Aphunzitsi, vuto lalikulu lili pa 1 × 10¹⁹ mwalemba ndi dzanjayo. Kuchuluka kwa maatomu opanda chaji sikoyenera kuikidwa, n'koyenera kutuluka m'masamu. Taganizani za nyanja ya Malombe. Simungauze madzi kuti afike pakutipakuti. Shire amalowa kuchokera kumtunda, Shire yemweyo amatuluka kumunsi, ndipo madzi amaima pamene ziwirizo zalingana. Chipinda chanu n'chimodzimodzi. Gasi amalowa, wina amatuluka ali ayoni, wotsalayo amadontha pa mabowo a gridi asanachajidwe. Kudonthako ndi kumene kumanena kuchuluka kwa maatomu m'katimo.

Yambani ndi kusintha gasi kukhala ma ampeya. Sccm imodzi ya xenon ndi pafupifupi 0.098 mg pa sekondi, kapena maatomu 4.5 × 10¹⁷ pa sekondi. Atomu iliyonse itati ikhale ayoni ya chaji imodzi, imeneyo ndi 0.072 A. Ndiye 26.4 sccm yanu ndi 1.91 A. Gasi wa neutralizer, kathodi ya kunja yothira maelekitironi pa maayoni otuluka, musamuwerengere pano, chifukwa iye sadutsa m'chipinda. Chotsani 1.76, patsala 0.15 A, amene ndi maatomu pafupifupi 9 × 10¹⁷ othawa pa sekondi. Tiwatche Q.

Tsopano kuchuluka kwa maatomu opanda chaji: n₀ = 4Q / (v₀ × A × T × c).

v₀ ndi liwiro la maatomu, ndipo limatengera kutentha kwa makoma a chipinda, osati kwa m'kalasi mwanu. Maatomu amagunda makoma kambirimbiri asanatuluke, motero amatenga kutentha kwa makomawo. Pa 500 K, xenon wolemera 2.18 × 10⁻²⁵ kg amathamanga pafupifupi 284 m pa sekondi. A ndi bwalo la gridi lija, 0.064 m². T ndi gawo lotseguka la gridi yachiwiri, ya accel, imene mabowo ake ndi aang'ono: pa NSTAR ndi 0.24. Ndipo c ndi nambala ya Clausing, pafupifupi 0.5, chifukwa bowo lililonse ndi kampope kakafupi, ndiye maatomu ena amagunda m'mbali mwake n'kubwerera m'chipinda. Mukawerengera mupeza pafupifupi 2 × 10¹⁸. Mwaika maatomu ochuluka kasanu kuposa amene alimo.

Samalani pano, chifukwa ambiri amasokoneza. Gridi ili ndi kutseguka kuwiri kosiyana. Kwa maatomu opanda chaji ndi 0.24 × 0.5, basi 0.12. Kwa maayoni ndi pafupifupi 0.8, kuposa ngakhale 0.67 ya mabowo enieni a gridi yoyamba ya screen, chifukwa malire a plasma amapindika pabowo lililonse ngati mbale n'kumakokera maayoni m'bowomo. Luso lonse la magridi lagona pamenepa: chitseko chachikulu kwa maayoni, chaching'ono kwa gasi. Mukaika nambala imodzi pa zonse ziwiri, modelo yafa.

Nanga kukhota kwa girafu kumachokera kuti? Maelekitironi ochokera mu kathodi, amene timati oyamba, amalowa ndi mphamvu ya cha m'ma 20 eV. Kuti agwire ntchito ayenera kugunda atomu asanafike pa anodi. Pa mphamvu imeneyo, cross section (σ, kukula kwa atomu monga chandamale cha elekitironi) yochotsa elekitironi ndi yongodzutsa atomu tikaziphatikiza zimakwana pafupifupi 6 × 10⁻²⁰ m². Mtunda woyenda asanagunde ndi 1/(n₀σ), umene pa 2 × 10¹⁸ ndi mamita 8. Chipinda sichikwana ngakhale mita imodzi. Ndiye ntchito ya maginito ndi kuwabweza, kuwabwezanso, mpaka ayende mamita ambiri m'kachipinda kakang'onoko, ngati nsomba m'mono: polowera n'posavuta, potulukira mpochepa. Potulukira pake ndi pakhosi pa mphete iliyonse, pamene amati cusp. Kutakasuka kwa khosilo kumatengera mzungulire wa elekitironi m'maginito: r = 3.37 × 10⁻⁶ × √V / B, B ali mu tesla. Pa 20 eV ndi 0.1 T (1000 gauss zanu zija), r ndi 0.15 mm. Malo othawira ndi 2 × r × 1.8 m, amene ndi 5.4 × 10⁻⁴ m². Mtunda umene elekitironi imayenda isanathawe tingauyerekeze ndi kukula kwa chipinda kuchulukitsa kawiri n'kugawa ndi malo othawirawo: mamita 48.

Gawo lothawa lisanagunde kanthu ndi exp(−48/8), losakwana imodzi pa 100. Koma chepetsani gasi mpaka n₀ ifike 5 × 10¹⁷. Mtunda wogundira umakhala mamita 33, ndipo othawa amakhala 23 pa 100. Mwalipira magetsi awo onse, koma sanapange ayoni ngakhale imodzi.

Zimenezi ndi zimene John Brophy ndi Paul Wilbur anaziika m'samu imodzi ku Colorado State University cha m'1984: mtengo wa ayoni yotuluka ndi ε* / (fB × [1 − exp(−C₀ × ṁ × (1 − η))]), kuphatikizapo kagawo ka maayoni ogwera pa zitsulo za volteji ya kathodi. Apa ε* ndi mtengo woyambira wa ayoni m'plasma, fB ndi gawo la maayoni otuluka, C₀ ndi nambala yosonyeza mmene chipinda chimagwiritsira ntchito maelekitironi oyamba, ṁ ndi gasi wolowa, ndipo η ndi gawo la gasi wogwiritsidwa ntchito. Onani kuti ṁ × (1 − η) ndi Q wathu uja. η ikayandikira 1, za m'mabulaketi zimayandikira ziro ndipo mtengo umakwera mopanda malire.

Poyendetsa pulogalamu, gwirani karenti yotuluka pa 1.76 A, musinthe η kuyambira 0.6 mpaka 0.97, ndipo pa η iliyonse muwerengere n₀ mwatsopano.

Mphunzitsi wa fizikisi, Namwera

Zikomo Che Idrissa. Ndasintha, ndipo girafu yayamba kukhota, koma ikukhotera mochedwa, kupitirira 0.96. Kumunsi kwake idakali cha m'ma 75. Magetsi ena onsewo akupita kuti?

Nachisale, Monkey Bay

Akupita pa anodi, aphunzitsi, atanyamulidwa ndi maelekitironi wamba a m'plasma. Ndipo ikukhota mochedwa chifukwa 4 eV ija nayonso mwaikhomera msomali. Kutentha kwa maelekitironi, Te, kumatuluka pa kulinganiza maayoni opangidwa ndi maayoni otayika.

Maayoni opangidwa ndi maelekitironi wamba ndi n₀ × nₑ × <σv> × kukula kwa chipinda × e, pamene nₑ ndi kuchuluka kwa maelekitironi, <σv> ndi avareji ya σ kuchulukitsa ndi liwiro, ndipo e ndi chaji ya elekitironi. Pa <σv> pali msampha. Ena amatenga σ pa 4 eV n'kuchulukitsa ndi liwiro. Koma pa 4 eV σ ndi ziro, popeza pamafunika 12.13 eV. Amene amagwira ntchito ndi maelekitironi ochepa othamanga kwambiri a kumapeto kwa mgawano wa Maxwell. Tengani matebulo a cross section a xenon pa webusaiti ya LXCat, ndi aulere, muchulukitse σ ndi liwiro ndi mgawano wa Maxwell, muphatikize kuyambira 0 mpaka kupitirira 100 eV ndi timasitepe ta 0.1 eV. Chitani zimenezi kamodzi pa Te kuyambira 1 mpaka 10, musunge tebulo, pulogalamu izingowerenga. Pa 4 eV muyenera kupeza pafupifupi 4 × 10⁻¹⁵ m³ pa sekondi pa kupanga ayoni, ndi pafupifupi 7 × 10⁻¹⁵ pa kudzutsa atomu. Ngati zanu zasiyana ndi izi kwambiri, mwina mwasokoneza cm² ndi m², kapena eV ndi joule.

Nambala yachiwiriyo ndi imene mwaisiya. Atomu ikagundidwa koma elekitironi yake osachoka, imangodzuka n'kutulutsa kuwala, ndipo kuwalako kumathera pa makoma. Kudzuka koyamba kwa xenon kuli pa 8.3 eV, m'modelo ikani pafupifupi 10 eV pa kugunda kulikonse. Pa 4 eV, ayoni imodzi ikamapangidwa maatomu pafupifupi awiri amangodzutsidwa. Ndiye mtengo weniweni ndi cha m'ma 31 eV, osati 12. Pa 2 eV zimaipiraipira, odzutsidwa amapitirira atatu pa ayoni.

Kuchuluka kwa plasma kumachokera pa karenti yotuluka. Liwiro la Bohm, limene maayoni amafika nalo pa malire a plasma, ndi √(eTe/M), M kukhala kulemera kwa ayoni; pa 4 eV ndi 1,710 m pa sekondi. Karenti ndi 0.6 × n × e × liwirolo × 0.064 × 0.8. Ikani 1.76, mupeza n pafupifupi 2 × 10¹⁷. Pamenepo sikweya mita iliyonse ya malire a plasma imalandira maayoni a 33 A.

Tsopano werengani kumene maayoni amapita. Otuluka 1.76 A. Ogunda chitsulo cha screen, gawo la 0.2 poyerekeza ndi 0.8, ndi 0.44 A. Makoma a anodi, titi 0.2 m², akanalandira 6.6 A pakanakhala popanda maginito, kuposa otuluka pafupifupi kanayi. Maginito abwino amatsitsa zimenezo kufika pafupifupi gawo limodzi mwa khumi, 0.66 A. Onse pamodzi ndi 2.9 A. Ayoni yogunda khoma imalandira elekitironi n'kubwerera ili atomu, ndipo mumailipiriranso kachiwiri. Yesani mbali inayo: 2 × 10¹⁸ × 2 × 10¹⁷ × 4 × 10⁻¹⁵ × 0.013 × 1.6 × 10⁻¹⁹ ndi pafupifupi 3.3 A. Zayandikana ndi 2.9, ndipo tikawonjezera zopangidwa ndi maelekitironi oyamba, Te yoyenera imatsika pang'ono pansi pa 4. Ndiye 4 yanu sinali yolakwika pa malo amodziwa. Kulakwika kwake n'kuti imakana kusuntha.

Chepetsani n₀ ndi theka, maayoni ofunika akadali omwewo, ndiye <σv> iyenera kuwirikiza. Imawirikiza Te ikachoka pa 4 kufika pafupifupi 5 eV. Apa ndi pamene kukhota kumayambira, kale ndithu maelekitironi oyamba asanayambe kuthawa ambiri.

Chifukwa chake n'chakuti elekitironi iliyonse yofika pa anodi imachotsa m'plasma mphamvu ya 2Te + φ, pamene φ ndi mmene plasma yakwerera pamwamba pa volteji ya anodi. Maelekitironi ofika pa anodi ndi pafupifupi 15 A. Pa Te ya 4 ndi φ ya 4.5 V, iliyonse imanyamula 12.5 eV, onse pamodzi pafupifupi 190 W. Yerekezani ndi 2.9 × 31, pafupifupi 90 W, ya kupanga maayoni ndi kuwala. Ndiko kuti chowononga chachikulu si kupanga maayoni ayi. Te ikakwera kufika 5, φ nayo imakwera, ndipo mumawonjezera cha m'ma 45 W, amene ndi 25 eV pa ayoni yotuluka.

Musaiwalenso kathodi. Mbali ina ya volteji imathera m'kati mwa kathodi momwemo kuitenthetsa ndi kusunga plasma yake. Ikani 5 mpaka 10 V. Maelekitironi oyamba amalowa ndi Vd − Vc + φ, osati Vd yonse (Vd ndi volteji ya m'chipinda, Vc ndi yothera mu kathodiyo).

Za funso lanu la maginito. φ siikidwanso ndi dzanja. Maelekitironi wamba amafika pa anodi podzera m'makhosi omwewo, koma khosi lawo n'lotakasuka kuposa la oyamba chifukwa maayoni amawakoka. Timagwiritsa ntchito mzungulire wapakati pa wa elekitironi (rₑ) ndi wa ayoni (rᵢ), √(rₑ × rᵢ). Pa 0.1 T, rₑ ndi pafupifupi 0.07 mm, rᵢ pafupifupi 23 mm, wapakati 1.25 mm. Malo a anodi ogwira ntchito ndi 2 × 1.25 mm × 1.8 m, amene ndi 4.5 × 10⁻³ m². Maelekitironi a 4 eV ochuluka 2 × 10¹⁷ amatha kupereka pafupifupi 10,700 A pa sikweya mita, ndiye malowo angalandire 48 A. Pakufunika 15 A yokha, motero plasma imadzikweza pamwamba pa anodi kuti ibweze otsalawo: φ = Te × ln(48/15), pafupifupi 4.5 V.

Wirikizani maginito kufika 0.2 T. Malowo amachepa ndi theka, 24 A, ndipo φ imatsika kufika pafupifupi 2 V. Pa 0.3 T ndi 16 A, φ yatsala pang'ono kukhala ziro. Mukapitirira apo anodi sikwanitsanso kulandira karenti yofunika, plasma imatsika pansi pa volteji ya anodi, maelekitironi oyamba amalowa ndi mphamvu yochepa, maayoni amachepa, ndipo motowo umayamba kuthimathima kapena kuzima. Modelo yanu inkakondwera ndi maginito amphamvu chifukwa munalibe lamulo limeneli. Ikani mzere woti pulogalamu izichenjeza φ ikatsika pansi pa ziro. Yesaninso zimenezi pa nthawi yoyatsa, gasi ali wambiri ndi Te ili pansi magridi asanapatsidwe volteji, chifukwa injini yoyenda bwino ikatentha ikhoza kukana kuyaka.

Pa kapezedwe ka mayankho: musaponye zonse mu fsolve nthawi imodzi. Manambala ena ndi 10¹⁷, ena ndi 4, ndipo imasochera. Gwiritsani ntchito brentq ya SciPy pa Te yokha, pakati pa 1 ndi 10 eV. M'kati mwake werengerani n, φ ndi karenti ya m'chipinda mobwereza mpaka zisiye kusintha, ndipo pa kubwereza kulikonse tengani theka la yankho latsopano ndi theka la lakale kuti zisamalumphelumphe.

Bambo Mbewe, Mangochi Boma

Ndikugwirizana ndi achemwali a Nachisale pa zonse kupatula gawo limodzi mwa khumi lija. Nambala imeneyo si mphatso, imadalira mmene maginito alili pakati pa mphete ndi mphete, ndipo aphunzitsi sanaone malo amenewo. Ali ndi nambala imodzi yokha, 1000 gauss, pomwe pamafunika ziwiri.

Yoyamba ndi mphamvu ya pakhosi, pankhope ya anodi pamene plasma imakhudza, osati pankhope ya maginito enieniwo. Pakati pake pali khoma kapena chotchingira, ndipo mphamvu imatsika msanga pa mamilimita ochepa. Yachiwiri ndi ya pakati pa mphete ziwiri, pamene maginito ali ofooka kwambiri. Apo ndi pamene maayoni amadutsira kupita kukhoma. Mizere ya mphamvu yofanana iyenera kutsekeka kuzungulira chipinda, ndipo zimene Dan Goebel ndi anzake a ku JPL anaonetsa n'zakuti mzere wotsekeka wa pafupifupi 50 gauss ndi umene umatsitsa maayoni otayika kufika cha pa gawo limodzi mwa khumi. Ngati wotsekeka wanu ndi wa 20 gauss, otayika achuluka ndithu, ndipo 0.66 A ija ikhoza kuwirikiza.

Jambulani chipindacho mu FEMM, pulogalamu yowerengera maginito; ndi yaulere ndipo imayenda pa laputopu wamba. Sankhani mtundu wozungulira pa mzere wapakati, mujambule theka la chipinda, muike mphete ndi mbali zake zosinthanasinthana, kumpoto, kummwera, kumpoto. Sankhani samarium cobalt, osati neodymium. Neodymium wamba amayamba kufooka akapitirira madigiri 80, pomwe chipinda chimatentha kupitirira 200. Samarium cobalt amapirira mpaka cha m'ma 300. Ngakhale iyeyo amataya pafupifupi 0.03 pa 100 pa digiri iliyonse, ndiye pa madigiri 220 tsitsani mphamvu yake ndi 6 pa 100. Tima triangle ta FEMM tikhale tating'ono pafupi ndi mphete, apo ayi nambala ya pakhosi ikhala yabodza. Kenako onani mzere wamphamvu kwambiri umene ukutsekeka osakhudza khoma. Kukula kwa malo a m'kati mwa mzerewo ndi kumene muike m'modelo, osati 0.013 m³ ya chitsulo chonse, chifukwa plasma siidzaza mpaka kumakona. Onaninso pafupi ndi gridi: ngati maginito alowerera m'mphepete mwa gridi, mabowo a kunjawo sakulandira plasma yokwanira.

Apa ndi pamene 0-D imathera mphamvu, ndipo NSTAR yomweyo ndi chitsanzo. Ili ndi mphete zitatu. Richard Wirz, pa modelo yake ya 2-D ya 2005 ku Caltech, anaonetsa kuti maginito ake amasunga maelekitironi oyamba pafupi ndi mzere wapakati. Pakatipo gasi amatha, plasma imachuluka, m'mphepete n'kukhala mochepa. Karenti yapakatikati poyerekeza ndi ya pamalo okwera kwambiri ndi pafupifupi 0.5 pa NSTAR, pomwe injini ya NEXT, imene inauluka pa chombo cha DART mu 2021, ili cha pa 0.7. Modelo yotenga zonse kukhala zofanana singaone zimenezi.

Zotsatira zake ndi maayoni a chaji ziwiri. Kuchotsa elekitironi yachiwiri pa xenon kumafuna pafupifupi 21 eV, ndipo pakati pomwe gasi watha, maelekitironi othamanga amagunda maayoni m'malo mwa maatomu. Izi zimasokoneza η yanu, chifukwa ayoni yotere imanyamula karenti ya awiri ili atomu imodzi. Ngati γ ndi karenti ya a chaji ziwiri kugawa ndi ya a chaji imodzi, η yeniyeni ndi yowerengedwa kuchulukitsa ndi (1 + γ/2)/(1 + γ). Titenge γ ya 0.15 monga chitsanzo: 0.92 imakhala 0.86. Ndiye gasi wothawa ndi wochuluka kuposa 0.15 A ija, ndipo n₀ imakwera. Mphamvu yokankha chombo nayo imachulukitsidwa ndi (1 + γ/√2)/(1 + γ), pafupifupi 0.96.

Maayoni amenewa ndi amenenso amadya zitsulo. Screen ili pa volteji ya kathodi, ndiye ayoni ya chaji imodzi imaigunda ndi pafupifupi 29 eV, ya chaji ziwiri ndi 58 eV. Molybdenum sasamala kwenikweni yoyambayo, koma yachiwiriyo imamusenda. Ndi chifukwa chake Vd imasungidwa cha m'ma 25 V. Mukakweza kufika 35, modelo yanu idzakuuzani kuti mtengo wa ayoni watsika, ndipo zidzakhala zoona, koma injini sikhalitsa. NSTAR ina inayesedwa pansi maola oposa 30,000 ndi xenon wokwana 235 kg, ndipo pa mayesowo chitsulo cha keeper chotchinga kathodi chinadyeka kwambiri.

Poyerekeza ndi manambala osindikizidwa, fufuzani zinthu ziwiri. Choyamba, waya wa magetsi okankha maayoni walumikizidwa pa anodi kapena pa kathodi? Ngati uli pa anodi, mtengo ndi Id × Vd / Ib (Id ndi karenti ya m'chipinda, Ib ndi yotuluka). Ngati uli pa kathodi, maelekitironi osiyidwa ndi maayoni otuluka amadutsa pa mita ya Id, ndiye samu ndi (Id − Ib) × Vd / Ib. Kusiyana kwake ndi 25 eV yathunthu. Chachiwiri, mayeso a pansi amachitikira m'thanki yopopedwa mpweya, ndipo xenon wotsalira m'thankimo amalowanso m'chipinda kudzera pa gridi. Pa 1 × 10⁻⁵ torr ndi 300 K, maatomu ndi 3.2 × 10¹⁷ pa kiyubiki mita, liwiro 220 m pa sekondi, ndipo olowa pa kutseguka kwa 0.12 kuja ndi pafupifupi 0.02 A. Zikuoneka zochepa, koma poyerekeza ndi 0.15 A ya gasi wothawa ndi gawo loposa limodzi mwa khumi. Geji zambiri zimasonyeza ngati gasi ndi nayitirojeni. Pa xenon gawani chowerengacho ndi 2.87.

Mphunzitsi wa fizikisi, Namwera

Bambo Mbewe, achemwali, Che Idrissa, zikomo kwambiri. Ndaika zonse kupatula FEMM, imene ndiyamba kumapeto kwa sabata. Pa η ya 0.9 ndikupeza 165, ndipo girafu ikukhota kuyambira cha pa 0.85. Koma ndikatsitsa karenti yotuluka kufika 0.51 A, monga NSTAR imachitira pa mphamvu yake yotsika ya 0.5 kW, mtengo ukukwera kwambiri pa η yomweyo. Kodi ndi vuto la pulogalamu?

Che Idrissa, Mpondasi

Si vuto, aphunzitsi, injini yeniyeni imachita zomwezo. Bwererani ku ṁ × (1 − η). Pa η yofanana, gasi wothawa amatsika pamodzi ndi karenti, ndiye pa 0.51 A n₀ ndi yochepa katatu ndi theka. Mabowo a gridi sanachepe, chipinda sichinakule, maginito ndi omwewo. Mtunda wogundira uja wa mamita 8 wakhala mamita 28, maelekitironi oyamba othawa afika cha pa 18 pa 100, ndipo Te yakwera kuti ikwanitse kupanga maayoni ndi gasi wochepa. Ndiye kukhota kwa girafu kumasunthira kumanzere.

N'chifukwa chake pa mphamvu yotsika saithamangitsa pa 0.9. Gasi wa m'chipinda amatsika kufika pafupifupi 6 sccm, koma wa kathodi amangotsika pang'ono kufika pafupifupi 2.5, chifukwa kathodi ikasowa gasi volteji yake imayamba kugwedezeka ndipo imatulutsa maayoni amphamvu odya keeper. Pamodzi ndi 8.5 sccm, kapena 0.61 A, ndipo η ndi pafupifupi 0.84. Ikani 0.84 m'malo mwa 0.9 pa malo amenewo.

Sinthaninso zinthu ziwiri zimene mwina mwazisiya zili zokhazikika. Makoma amazizirako pa mphamvu yotsika, ndiye tsitsani 500 K ija kufika cha m'ma 400. Liwiro la maatomu limatsika kufika pafupifupi 254 m pa sekondi ndipo n₀ imakwerako. Vc nayo siikhala yofanana: kathodi yoyenda pa karenti yochepa imafuna volteji yokulirapo kuti ikhalebe yotentha, ndiye ikwezeni ndi 2 kapena 3 V muone mmene girafu isunthire. Mukamaliza, jambulani mtengo wa ayoni moyang'anizana ndi 1/[1 − exp(−C₀ × ṁ × (1 − η))] pa makarenti atatu, 0.51, 1.1 ndi 1.76 A. Ngati madontho a makarenti atatuwo akuyandikana pa mzere umodzi, masamu a gasi ali bwino, ndipo 15 eV yotsalayo muifufuze pa maayoni otayika kumakoma mukapeza manambala a FEMM.